Chithunzi choyamba cha mpandowo chinaikidwa liti pa Facebook?

Mwalemba kuti munapanga mpando wopindika wa maonekedwe anuanu, mlamu wanu anaika zithunzi zake pa Facebook kuti akupezereni makasitomala, ndipo pano kampani ina ikugulitsa wofanana nawo. Mutapita ku ofesi yolembetsa, wina anakuuzani kuti mudzabwerenso malonda akayamba kuyenda. Mukufunsa ngati mungathebe kulembetsa.

Yambani mwafufuza tsiku limene chithunzi choyamba chinatuluka, chifukwa nkhani yanu yonse yagona pamenepo. Lamulo loteteza maonekedwe a katundu, limene ku America amati design patent, limateteza chinthu chimene anthu anali asanachionepo pa tsiku limene mwapereka fomu. M'maiko ambiri zilibe kanthu kuti anachionetsa ndi mwiniwake kapena m'bale wake. Chithunzi pa intaneti, kuonetsa pa chionetsero cha zamalonda, kugulitsa ngakhale mpando umodzi, zonsezi zingawerengedwe kuti chinthucho chinatuluka kale.

Chowawa n'chakuti vutoli silionekera polembetsa. Maofesi ena, monga EUIPO ya European Union, safufuza ngati maonekedwewo ndi atsopano. Fomu ikakhala bwino amapereka satifiketi. Munthu amakhulupirira kuti watetezedwa, n'kulembera kalata womubera uja. Loya wa mbali inayo satsutsa n'komwe zoti anakopera. Amangofukula chithunzi chakale chija, tsiku lake likuoneka, n'kupempha kuti satifiketi ifafanizidwe. Milandu yooneka yolimba ndaiona ikugwera pomwepa, mwini wake atawononga kale ndalama zambiri.

Mpata ulipo, koma osati paliponse. Ku America ndi ku European Union, wopanga amapatsidwa miyezi 12 kuchokera pamene chinthucho chinaonetsedwa koyamba kuti alembetse. Ku China mpatawo ndi wa miyezi 6, ndipo umagwira pa zochitika zochepa, monga zionetsero zovomerezedwa ndi boma. Kuika zithunzi pa intaneti sikuli m'gulu limeneli. Ndiye mwina mungapulumuke m'dziko lina, m'dziko lina n'kukanika. Sindingakulonjezeni kanthu ndisanaone tsikulo ndi lamulo la dziko limene mukugulitsa. Ngati mlamuyo anaika zithunzi popanda chilolezo chanu, malamulo ena amaganizirako zimenezo, komabe umboni wake ndi wovuta ngati inu munazikonda zithunzizo kapena munayankha ofunsa mtengo.

Amene anakuuzani zodikira malonda uja anakusokeretsani, ndipo zimandikhumudwitsa kuti malangizo oterewa amachokera pa tebulo la ofesi yomwe ntchito yake ndi yomweyi. Mlamu wanu anafuna kuthandiza, inde, koma mumuuze aleke lero. Musanachotse kalikonse, sungani zithunzizo pamodzi ndi masiku ake, ndipo musamubisire loya wanu.

Ngati mpata ukadalipo, perekani fomu sabata ino. Chimene chimatetezedwa ndi chimene chili pa zojambula zanu, choncho jambulani mpandowo kutsogolo, kumbuyo, m'mbali, pamwamba ndi pansi. Zosiyidwa n'kovuta kuziwonjezera pambuyo. Dziwaninso kuti mukuteteza maonekedwe okha. Ngati luso lanu lili pa mmene mpandowo umapindikira, imeneyo ndi patenti ina, patenti ya luso yoteteza mmene chinthu chimagwirira ntchito, ya fomu yake.

Mukalembetsa m'dziko limodzi, pangano la maiko la Paris la 1883 limakupatsani miyezi 6 yolembetsa kwina mosunga tsiku loyamba lija. Ambiri amaisokoneza ndi miyezi 12 ya patenti ya luso, n'kuchedwa. Satifiketi imagwira m'dziko kapena m'dera limene yaperekedwa basi. Pofuna maiko angapo pali njira yolembetsera pa fomu imodzi ya Hague ya WIPO, bungwe la dziko lonse loona za umwini wa zaluso, kapena ya ARIPO, bungwe longa lomwelo, m'maiko a mu Africa amene ali m'pangano la Harare la 1982. Ku America chitetezo ndi cha zaka 15. Ku European Union chimafika zaka 25, koma mumalipira pakatha zaka 5 zilizonse.

Ngati wina anakuthandizani kujambula kapena kupanga chitsanzo choyamba, ngakhale ndi m'bale, asainire kalata yosiya umwini m'manja mwanu. Kampani ija musaiopseze ndi kalata musanalembetse, chifukwa m'maiko ena kuopseza popanda maziko kungachititse kuti iwo akusumireni inuyo. Pakali pano gulani mpando wawo umodzi, musunge lisiti lake ndi zithunzi za pamene akuugulitsa.