Bambo akaleka kulankhula atawapeza ndi khansa ya chiwindi

Mayi wina wa ku Kasungu wandilembera imelo yonena za bambo ake a zaka 58, amene anawapeza ndi khansa ya chiwindi miyezi itatu yapitayo. Akuti masana amangogona atayang'ana kukhoma, usiku amachezera m'maso, nsima akuikana, ndipo abale anapangana kuti asawauze dzina la matendawo. Akufunsa ngati angawagulire mankhwala ogonetsa, komanso ngati kuwauza zoona sikungawafupikitsire moyo.

Mayi, ndiyambe ndi mankhwalawo, chifukwa ngozi yapafupi ili pamenepo. Musagule. Chiwindi ndicho chimasefa mankhwala ambiri m'thupi, ndipo chikafooka, mapiritsi ogonetsa monga diazepam amakhalitsa m'magazi mpaka kumukomola munthu. Komanso kusintha kwa khalidwe kotereku sikuchokera m'maganizo nthawi zonse. Chiwindi chikalephera kuchotsa zoipa zochokera m'matumbo, monga amoniya, zoipazo zimakafika ku ubongo, ndipo kawirikawiri chizindikiro choyamba chimakhala chomwe mwafotokozacho, kugona masana n'kukhala maso usiku. Afunseni kuti lero ndi lachingati, atchulenso mayina a zidzukulu zawo, kenako atambasule manja kutsogolo ngati akuimitsa galimoto. Ngati akusokoneza mayankho, kapena zikhathozo zikukupiza ngati mapiko a mbalame, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati akhala masiku angapo osachita chimbudzi. Vutoli limachepa ndi mankhwala ofewetsa m'mimba otchedwa lactulose. Afunseninso za ululu, pakuti abambo ambiri amabisa, ndipo munthu amene nthiti za kumanja zikumuwawa usiku wonse sangakhale ndi nkhani zocheza.

Ngati mutu ukuyenda bwino, koma patha masabata awiri kapena kuposerapo ali okhumudwa, osasangalalanso ndi wailesi kapena alendo, akudziona ngati mtolo kwa ana awo, amenewo ndi matenda a maganizo, ndipo amachizika ngakhale khansayo itakhala yosachizika. Achipatala ali ndi mafunso 9 otchedwa PHQ-9, omwe anamasuliridwa m'Chichewa, oyezera kukula kwa vutoli. Mankhwala monga fluoxetine alipo, koma kwa wodwala chiwindi dokotala amayamba ndi mlingo wochepa, ndipo pamapita masabata angapo asanayambe kugwira ntchito.

Za kubisa matendazo, ndikumvetsa kuti abale akuchita chifukwa cha chikondi, koma sindikugwirizana nawo. Munthu amene akuona maso ake atachita chikasu, mimba ikutupa, achibale a kutali akubwera ndi shuga n'kumanong'onezana pakhonde, amadziwa kale kuti zinthu sizili bwino, ndipo chimene chimamupha ndi nkhawa n'chakuti alibe womuuza mantha ake, popeza aliyense amangomudula mawu kuti "limbani mtima, muchira". Sindikunena kuti mukawaulule zonse mwadzidzidzi. Khalani nawo pamphasa nthawi imene alendo apita, muwafunse kuti: "Bambo, inu mukuona kuti chikuchitika n'chiyani m'thupi mwanu, ndipo mukufuna adokotala akufotokozereni zonse kapena afotokozere ine?" Mukatero, khalani chete, ngakhale kukhala chetecho kutalike. Ena amasankha kusadziwa, ndipo ndi ufulu wawo. Ambiri amayamba kutchula za munda, ngongole kapena fizi ya mwana wotsiriza, zinthu zimene mungathe kukonza pamodzi.

Mwina akudziimbanso mlandu, chifukwa anthu akamva za chiwindi amathamangira kuloza mowa kapena ufiti. Auzeni kuti kuno kwathu khansa imeneyi imayamba kwambiri ndi kachilombo ka hepatitis B, komwe ambiri amakatenga ali ana osadziwa, komanso ndi chuku cha pa mtedza ndi chimanga. Katemera wa kachilomboka anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, choncho inu ndi abale anu obadwa chakacho chisanafike mukayezetse magazi.

Pachipatala cha boma funsani anamwino a chisamaliro chochepetsa ululu, ntchito imene amagwiranso a Tiyanjane pa Queen Elizabeth ku Blantyre ndi a Ndi Moyo ku Salima. Aphungu a za maganizo amapezeka kuzipatala za St John of God za ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Bambo akangotchula zofuna kudzipha, musawasiye okha, chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu ndi zingwe, ndipo pitani nawo kuchipatala osadikira tsiku limene anakulemberani.