Ferrari 166 MM: injini ya malita awiri inatchuka bwanji chonchi?

Makaniko wina wandilembera imelo sabata yatha. Akuti anaona chithunzi cha kagalimoto kofiira kopanda denga, Ferrari 166 MM, ndipo atamva kuti injini yake ndi ya malita awiri okha anadabwa. Funso lake n'lakuti: "Injini zotere timazitsegula tsiku ndi tsiku pagalaja pathu. Nanga iyi ili ndi chiyani?"

Achimwene, mwafunsa bwino, ndipo yankho layambira pa nambala yomweyo. 166 ndi kukula kwa silinda imodzi, ma cc 166, kungopitirira pang'ono theka la botolo la Fanta. Masilindawo alipo 12, oikidwa ngati chilembo cha V, ndipo onse pamodzi amakwana 1,995 cc. Anakonza injiniyi ndi Gioacchino Colombo. Inu mukudziwa kuposa ine kuti pisitoni yaing'ono ndi yopepuka, choncho injini imazungulira mothamanga osadzivulaza. Ndi makabuleta atatu a Weber inkatulutsa mahosipawa pafupifupi 140. Lero si zambiri, koma kumbukirani kuti munali mu 1948, Italy itangotuluka m'nkhondo.

Bodi inapangidwa ndi a Carrozzeria Touring a ku Milan. Ankayamba aluka timapaipi tachitsulo tating'ono, kenaka n'kukutirapo aluminiyamu wosulidwa pamanja. Njirayi ankaitcha Superleggera, kutanthauza chopepuka kwambiri. Itaonetsedwa ku Turin mu 1948 anthu anaipatsa dzina loti barchetta, kabwato, ndipo mukaiyang'ana cham'mbali mudzavomereza. Ine mwa Ferrari zonse imene imandikoka mtima ndi imeneyi, chifukwa palibe chimene anaikapo chongokometsera.

Zilembo za MM zikuimira Mille Miglia, mpikisano wa nthawi imeneyo wochoka ku Brescia kukafika ku Rome n'kubwerera, makilomita pafupifupi 1,600, m'misewu wamba yodutsa m'midzi ndi m'mapiri. Clemente Biondetti anapambana mpikisanowu mu 1948 pa Ferrari 166 S, ndiye galimoto yatsopanoyo anaitcha dzina la mpikisanowo. Mu 1949 anapambananso, ulendo uno pa 166 MM yeniyeniyo.

Koma nkhani imene ndikufuna muisunge ndi ya ku Le Mans, ku France, chaka chomwecho. Unali mpikisano woyamba wa maola 24 kumeneko chithere nkhondo. Galimoto ija inapambana Mille Miglia inagulidwa ndi Mngelezi, Lord Selsdon, ndipo anailowetsa pamodzi ndi Luigi Chinetti. Selsdon anagwira chiwongolero kanthawi kochepa chabe. Chinetti, bambo wa zaka 47, anayendetsa yekha pafupifupi maola 23, usana ndi usiku, mphepo ikumuomba kumaso popeza denga panalibe. Panali ma Delahaye, ma Talbot ndi ma Delage a ku France a injini zikuluzikulu. Ambiri mwa magalimotowa anafera m'njira. Kabwato kaja kanafika koyamba, Delage ya malita atatu ili pambuyo. Taganizani, galimoto imodzimodziyo, mipikisano iwiri yoopsa, pasanathe miyezi itatu! Patangopita masabata ochepa Chinetti anakapambananso maola 24 ku Spa, ku Belgium, ali ndi Jean Lucas, pa 166 MM ina.

Apa m'pamene pagona mtengo wake, achimwene. Kampani ya Enzo Ferrari ku Maranello inali itatulutsa galimoto yake yoyamba mu 1947, ndipo kunja kwa Italy inali isanadziwike kwenikweni. Chaka cha 1949 chitatha, anthu andalama anayamba kuifunafuna. Gianni Agnelli, wa banja la eni Fiat, anali nayo yake. Chinetti ndiye anakhala wogulitsa Ferrari ku America, kumene kunachokera ndalama zambiri zoyendetsera mipikisano ya kampaniyo.

Ngakhale maonekedwe ake anabala ana. AC Ace ya ku England inatengera bodi ya kabwatoka, ndipo Ace yomweyo ndi imene Carroll Shelby wa ku America anadzaikamo injini ya Ford ya V8 n'kukhala galimoto yotchedwa Cobra. Mukapeza mpata ikani zithunzi zitatuzo pamodzi, muyang'ane mzere woyenda m'mbali ndi kukamwa kwake kutsogolo.