Kwa achemwali a ku Ulongwé: za bambo amene akadali pa makina opumira

Pepani ndi matenda, achemwali. Mwati bambo anawachita opareshoni ya mtima ndi mtsempha waukulu wa aorta ku Maputo, koma okosijeni m'magazi sakukwera ndipo akadali pa makina opumira, ndiye mukuopa kuti opareshoni yalephereka. Si nthawi zonse zimatanthauza choncho. Pa opareshoni yotere magazi amadutsa m'makina ogwira ntchito m'malo mwa mtima ndi mapapo kwa maola angapo. Mapapo amatupa, timatumba ta mpweya tina timafwafwala, madzi n'kudzazamo, makamaka ngati munthu anamuwonjezera magazi ambiri.

Nambala ya okosijeni wa m'magazi imene mukuiona pa kompyuta pambali pa bedi isakuzunguzeni mutu payokha. Munthu wabwinobwino amakhala pa 95 kupita m'mwamba akupuma mpweya wamba, umene uli ndi okosijeni 21 peresenti. Ndiye 94 wa munthu amene makina akumupatsa 90 peresenti si wofanana ndi 94 wa amene akulandira 40. Mukaonana ndi adokotala funsani kuti, "Lero makina akuwapatsa okosijeni wochuluka bwanji, nanga dzulo?" Akamachepetsa koma bambo n'kukhalabe pabwino, ndiye kuti mapapo akuchira.

Madokotala amayamba aunika pachifuwa ndi mtima kuti aone ngati pali chibayo, madzi kapena mpweya wounjikana kunja kwa mapapo, kapena mtima wafooka. Makina amawatchera kuti azipopa mpweya wochepa pa kupuma kulikonse, n'kumasiyako kamphamvu kotsegula timatumba tija. Amaperekanso mankhwala okodzetsa monga furosemide. Zikakanika amamugoneka wodwala chafufumimba kwa maola 16 kapena kuposa. Inde, ngakhale ali ndi bala pachifuwa zimatheka ngati fupa la pachifuwa lagwirana bwino ndipo BP ili m'malo, choncho musadabwe mukawapeza atagona choncho. Kwina amawonjezera mpweya wa nitric oxide, wothandiza kutsegula mitsempha ya magazi ya m'mapapo, ndipo pothera penipeni pali ECMO, makina olowetsa okosijeni m'magazi kunja kwa thupi, koma amenewa amapezeka m'zipatala zochepa kwambiri. Akanena zoboola pakhosi kuti paipi yopumira idutsire pamenepo musakane msanga, kawirikawiri zimathandiza kuti munthu achoke pa makina bwinobwino.

Mbali yanu ndi iyi: auzeni madokotala zonse. Ngati bambo amasuta fodya, anadwalapo TB, kapena anagwirapo ntchito pa fumbi la malasha ku Moatize, nenani osabisa. Phala, madzi kapena mankhwala achikuda musawapatse mobisa, chifukwa zikalowera kumapapo ndiye chibayo chimenecho.

Akadzachotsa paipi, ntchito idzakhala kutsokomola atakumbatira pilo pachifuwa, kukhala tsonga ndi kuyenda pang'ono, ngakhale zikupweteka. Za ulendo wobwerera musapupulume. Mu ndege okosijeni amachepa, komanso kwathu ku Angónia n'kumtunda kusiyana ndi Maputo, ndiye adokotala avomereze kaye, ndipo mutenge kalata yoti mukaonetse ku chipatala chachikulu ku Tete.