Residual stress musaichotse mu model yanuyo

Achimwene, mwafunsa za model yanu yowerengera kakulidwe ka mng'alu pa weld. Amene wakuuzani kuti residual stress, mphamvu yotsalira m'chitsulo mukawotcherera, muisiye kunja poti ikuchedwetsa pulogalamu ya Abaqus sakukufunirani zabwino. Ine zinandiwotcha pa mgodi wina ku Mpumalanga. Consultant anatipatsa lipoti la mtanda wa vibrating screen (sefa yogwedera ya pa mgodi), zithunzi zokongola, Paris law (fomula ya kakulidwe ka mng'alu), exponent yake m wa 3, akuti mng'alu utenga zaka kuti ufike poopsa. Dzinja lisanafike mtanda unali utang'aluka kale.

Unali usiku, makina ali zii, fumbi lili m'maso, bwana wa shift akukalipa pa wailesi kuti matani akutayika. Ndinagwada ndi tochi, tinapopera dye penetrant, utoto woonetsa ming'alu, mzere wofiira n'kutulukira m'mphepete mwa weld, pa toe penipeni, wautali kuposa chikhatho changa. Mawa lake tikudula ndi grinder, chitsulo chinayasama chokha, chimbale cha grinder n'kulowa mwaufulu, pamwamba popanda katundu aliyense. Mphamvu imeneyo inali momwemo kuchokera tsiku lowotcherera. Weld ikamazizira imafuna kufupika, chitsulo chozizira choizungulira chimaikaniza, ndiye imatsala yokokeka, nthawi zina mpaka pa yield, pomwe chitsulo chimayamba kupindika osabwerera. ΔK, kusiyana kwa mphamvu pa nsonga ya mng'alu mu cycle imodzi ya load, siisintha ayi; chomwe chimakwera ndi R, stress yotsikitsitsa ya mu cycle kugawa ndi yokwerezetsa. Mng'alu sutsekekanso ngakhale load ikhale ya compression, cycle yonse imangoudya. Paris payekha R samuona, n'chifukwa chake kuli mafomula a Walker ndi NASGRO.

Chimandiwawabe n'chakuti consultant uja pa site sanapondepo olo kamodzi. Pamsonkhano anangoti owotcherera ndi aulesi, anyamata awiri n'kupatsidwa makalata ochenjeza. Kontrakitala naye analumpha heat treatment ya pa 600°C yochepetsa residual stress, koma pepala lili ndi chidindo bwinobwino! Ndalama zawo onse anadya.

Ndiye residual stress ikanimo mu model. Ngati muli ndi mwayi, yezani ndi hole drilling, njira yoboola kabowo ya mu standard ya ASTM E837, ndipo kumbukirani kuti mng'alu ukamakula stress imasamuka, siikhala momwe munaiikira poyamba. Komabe musathe miyezi mukuyerekeza kutentha kwa weld pass iliyonse, simumaliza. Standard ya BS 7910 yowunikira ming'alu imalola kutenga residual stress kukhala yofanana ndi yield ngati weld sinatenthedwenso, tengani imeneyo basi. Ndipo chilichonse chomwe kompyuta ikuuzeni, ine nthawi yodikira inspection yotsatira ndimaidula pakati. Chitsulo chanu ndi cha mtundu wanji, S355?