Mafunso a Owerenga: Kodi zipolopolo zinkadutsa bwanji pa pulopela ya ndege?

FUNSO: Ndinaona chithunzi cha ndege yankhondo yakale imene mfuti yake yachiwaya inali pamwamba pa injini, kumbuyo kwenikweni kwa pulopela. Kodi woyendetsa ankawombera bwanji osathyola pulopela yake yomwe?
Wowerenga wa ku Luchenza, Thyolo

YANKHO: Bambo, funso lanuli ndi lomwe linasowetsa tulo akatswiri kumayambiriro kwa Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse. Iwo ankafuna kuti mfuti ikhale patsogolo pa woyendetsa n'cholinga choti azilozetsa ndege yonse kwa mdani, komanso kuti azitha kuikonza ndi manja ikakanirira ali m'mwamba.

Mu April 1915, Roland Garros wa ku France anauluka ndi ndege imene pamatabwa a pulopela yake anamangirirapo zitsulo zolimba kuti chipolopolo chikagundapo chizipatukira kumbali. Njirayi inali yoika moyo pachiswe, ndipo mwezi womwewo ndege yake inagwidwa ndi Ajeremani. Posakhalitsa, kampani ya Anthony Fokker, yomwe inkapangira Ajeremani ndege, inaika pa ndege zake za Eindecker chipangizo chabwino kwambiri kuposa pamenepo.

Chimene muyenera kugwira ndi ichi: amene ankakhethemula mfuti sanali munthu ayi, koma injini. Pa injiniyo anaikapo kachitsulo kozungulira kokhala ndi kanundu, ndipo kanunduko kakafika pamalo ake kankakankha ndodo yachitsulo yopita kumfuti, pa nthawi imene thabwa la pulopela lachoka pakamwa pa mfutiyo. Woyendetsa akafinya chowombera, kwenikweni ankangolumikiza ndodoyo ndi mfuti, basi. N'chimodzimodzi amayi awiri akamasinja mumtondo umodzi, munsi wina umatsika pamene unzake wakwera, ndipo siigundana. Ineyo ndimaona kuti luso lalikulu linali poganiza zoti pulopela ndiyo izilamula mfuti, m'malo moyesa kuiteteza. Komabe ngozi sizinatheretu, chifukwa zitsulo zikaperepeseka kapena chipolopolo chikachedwa pang'ono kuphulika, munthu ankatha kudula pulopela yake n'kugwa. Mu 1917 ndege za Britain zinayamba kugwiritsa ntchito chipangizo cha George Constantinesco wa ku Romania, chomwe chinkatumiza mphamvuyo kudzera m'mafuta a m'paipi.

Pofika pa Nkhondo Yachiwiri, ndege zambiri zinasamutsira mfuti m'mapiko, kunja kwa mzere umene pulopela imazungulira. Spitfire yoyambirira, ndege ya Britain, inali ndi mfuti 8 za Browning, zinayi phiko lililonse, ndipo ankazipendeketsa pang'ono kuti zipolopolo zonse zizikakumana pamalo amodzi kutsogolo. Mfuti iliyonse inkanyamula zipolopolo pafupifupi 300, zomwe zinkatha m'masekondi pafupifupi 15 okha, n'chifukwa chake oyendetsa ankawombera modukizadukiza. Ajeremani sanaitaye njira yakale ija: Messerschmitt Bf 109 inali ndi mfuti ziwiri pamwamba pa injini zowombera modutsa pulopela, ndipo mitundu yake ina inalinso ndi mfuti yaikulu yotulukira pakati penipeni pa pulopelayo.