Funsani Dokotala: Kodi pulasitiki ingalowe m'malo mwa fupa lophwanyika?

Funso: Adokotala, achimwene anga anachita ngozi ya kabaza, fupa la mwendo linaphwanyika moti pakati patsala mpata. Kuchipatala akuti atenga fupa m'chiuno mwawo n'kuika pamenepo. Ndamva kuti kunja amaika pulasitiki ya mabowomabowo yopangidwa ndi mpweya. Kodi tidikire imeneyo? Ndine wowerenga wa ku Chilomoni, Blantyre.

Yankho: Pepani ndi ngoziyo, koma chonde musadikire. Chimene mwamvacho chilipodi: n'chinthu chooneka ngati chinkhupule, chimene maselo amamatirirapo n'kumakula, icho chikusungunuka pang'onopang'ono m'thupi. Nthawi zambiri chimapangidwa ndi PLGA, pulasitiki ya mtundu wa ulusi wosokera mabala uja umatha wokha.

Amaika PLGA m'chitsulo chotsekeka bwino n'kupoperamo carbon dioxide, mpweya womwe uja umathetheka mu Fanta. Wofufuza wa ku America David Mooney ndi anzake mu 1996 anaupanikiza kufika pafupifupi 55 bar (bar imodzi ndi pafupifupi mphamvu imene mpweya wotizungulirawu umatipanikizira) kwa maola 72. Ena amapitirira 74 bar ndi kutentha kwa 31°C, pamene mpweyawu umalowerera msanga. Pulasitiki ikamwa mpweyawu imafewa. Akatsegula, mpweya umapanga tithovu, pulasitiki n'kuuma tithovuto tili momwemo. Ubwino wake ngwakuti safuna mankhwala osungunulira monga chloroform, amene akatsalira amapha maselo, komanso moto sukhala wambiri woti n'kuononga mapuloteni okulitsa fupa amene asakanizamo.

Povuta ndi pa mabowo. Akatulutsa mpweya mofulumira, mabowo amachuluka koma amakhala aang'ono. Akatulutsa pang'onopang'ono, amakula ndipo ena amalumikizana. Fupa limafuna mabowo a ma micrometre 100 mpaka 400 (ma micrometre 1,000 ndiwo milimita imodzi), olowana, chifukwa selo likatalikira mtsempha wa magazi kupitirira ma micrometre pafupifupi 200 limasowa okosijeni n'kufa. Tsono mpweya pawokha umasiya mabowo ambiri otsekeka, kunja n'kukhala kachikopa kosalala. N'chifukwa chake amasakaniza PLGA ndi mchere wosefa asanapope mpweya, kenako n'kuviika m'madzi kuti mcherewo usungunuke, usiye njira.

Ngakhale zitatheka bwino, mabowo akachuluka chinthucho chimafooka, sichinganyamule thupi la munthu wamkulu. Posungunuka chimatulutsa asidi amene akaunjikana amatupitsa malowo. Sichilolanso kuphikidwa pa 121°C monga zitsulo za opaleshoni. Majeremusi amawapha ndi mpweya wa ethylene oxide kapena cheza cha gamma. Pa mafupa aakulu a mwendo, njirayi ikadali kwambiri m'manja mwa ochita kafukufuku.

Fupa la m'chiuno la achimwene anuwo lili kale ndi maselo amoyo, ndipo thupi sililikana. Pamene atengapo pamapweteka kwa kanthawi, zimenezo n'zoona, koma ndi njira imene madokotala a mafupa amaidalira. Ngati amasuta fodya asiye tsopano lino, chifukwa amachedwetsa fupa kulumikizana. Akaona mafinya, fungo pabala kapena thupi kutentha, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo.