Zikhomo za tenti pa nthaka yolimba: yambirani kwa owotcherera

Achimwene, mwati zikhomo zimene zinabwera ndi tenti yanu zapindika zonse mutangoyesa kuikhoma pabwalo panyumba, ndipo mukufunsa zoti mugule musanapite ku Lifupa, malo ogona alendo m'paki ya nyama ya Kasungu, ndi banja mu Okutobala muno. Bola mwazionera pakhomo. Anzanu amakatulukira zimenezi ali kale kutchire, dzuwa lili pamutu pa mitengo, ana ayamba kulira njala.

Tizikhomo timeneto musatidandaule. Ndi waya chabe, anatipangira pa kapinga wofewa wothiriridwa. Kuno ku Kasungu mvula ikasiya mu Epulo, pofika Okutobala dothi la katondo limakhala ngati njerwa yootcha, ndipo malo ambiri mukalowa pansi pang'ono mumakumana ndi timiyala. Za pulasitiki ndiye musatayirepo ndalama, zimathyoka mutu pakumenya kwachiwiri.

Ine ndinakhala zaka zingapo ndikuyenda ndi anthu okumba mijigo, kugona m'matenti chakwa Chulu, ku Santhe mpaka ku Mkanda ku Mchinji, ndipo chimene chinatipulumutsa si cha m'shopu ayi. Gulani chitsulo chomangira nyumba chija amati Y10 pa hadiweya iliyonse pa boma, mupite nacho kwa owotcherera akudulireni zidutswa za masentimita 30. Chitsulo chathunthu chimatalika mamita 12, ndiye chimodzi chokha chimatulutsa zikhomo pafupifupi 40. Inu simufuna zochuluka choncho. Werengani makona a tenti ndi zingwe zake zonse, muonjezerepo zinayi zapadera. Kawirikawiri owotchererawo amakhala ndi zotsalira pa mawindo ndi mageti, mukhoza kungogwirizana nawo mtengo osagula chathunthu.

Koma mukaimirire pomwepo akamapanga, chifukwa mukangowauza kuti "zikhomo za tenti" n'kuchokapo, akupindirani mutu ngati ndodo ya agogo. Chikhomo chotero n'chosathandiza pa nthaka yolimba. Hamala imamenya pokhota, mphamvu imathawira kumbali, chitsulo chimangonjenjemera m'manja osalowa, mapeto ake chimapindika pakhosi. Muwauze kuti mutu ukhale woongoka, wophwatalala ngati wa msomali. Kokolekera chingwe akuwotcherere pambali, zala ziwiri kuchokera kumutu, kakhale kachitsulo kakafupi koloza pansi. Ena amawotcherera nati kapena washala pamenepo, nazonso zimagwira. Kunsonga akusongolereni ndi galainda, koma isakhale yowonda ngati singano, imeneyo imapinda ikakumana ndi mwala woyamba. Ikhale yaifupi, yonenepa, ngati pensulo yosongoledwa mwaulesi. Ndipo muone kuti pamene awotchererapo apalapo bwino, apo ayi pamadula chingwe usiku mphepo ikamakoka.

Y12 ndi yolimba kuposa pamenepa, koma imeneyo ndi ya matenti akuluakulu a paukwati ndi pamaliro. Mita imodzi ya Y10 imalemera magalamu 617, kutanthauza kuti chikhomo chimodzi chili pafupifupi magalamu 185, ndipo zikakhala 16 mwanyamula makilogalamu atatu. M'galimoto si kanthu. Mukanakhala kuti mukukwera phiri chikwama chili kumsana, ndikanakuuzani zina: pali za aluminiyamu zokhala ndi nthiti zitatu, monga za MSR Groundhog, zopepuka kwambiri ndipo pa dothi logwirana zimagwira bwino, kungoti zikagunda mwala nazo zimagonja, komanso n'zodula ndipo mpaka muchite kuitanitsa kunja.

Ngati nthawi yothamangira kwa owotcherera palibe, misomali ya mainchesi 6 imathandiza pa katenti kakang'ono. Lowetsani washala kumutu kuti chingwe chisavuuke. Ndi yaifupi, masentimita 15 okha, ndiye pa zingwe zoyang'ana kumene kukuchokera mphepo khomani iwiri mopingasa. Pa mchenga siigwira n'komwe.

Tsopano kakhomedwe, chifukwa ngakhale chikhomo chabwino chimapindika m'manja mwa munthu waphuma. Tengani hamala yeniyeni, osadalira kuti mukatola mwala kumeneko. Mwala umasweka n'kukuthwanikirani m'maso, ndipo chala chachikulu cha kumanzere kwangaku chikhadabo chake chinamera chokhota mpaka lero chifukwa cha nzeru imeneyo. Chikhomo chipendeke pang'ono, mutu kuloza kutali ndi tenti, nsonga kulowera ku tenti. Pang'ono chabe. Pa dothi lolimba mukachigoneka kwambiri chimangoswa chikhokho cha pamwamba n'kutuluka nacho. Menyani mofatsa ndipo muzimvetsera. Chikamalowa chimalira mogonthera. Chikayamba kulira "ngwee", hamala n'kumadumpha, dziwani kuti mwapeza mwala. Lekani pomwepo, zulani, sunthani chikhatho chimodzi, yesaninso. Anyamata athu ena ankati akamva kulira kumeneko ndiye amaonjezera mphamvu, ngati mwalawo uchita manyazi.

Ife tinkachitanso izi: kukhoma kaye pang'ono, kuzula, kuthira kapu ya madzi m'kabowoko, n'kupita kukatsitsa katundu wina. Pobwera katondo uja wafewa, chikhomo chimalowa bwinobwino, ndipo akaumanso amachigwira zolimba kuposa poyamba.

Pathanthwe penipeni zikhomo zisiyeni m'thumba. Mangani kamwala kakang'ono kumapeto kwa chingwe, kokani chingwecho, kenako sanjikani mwala waukulu pa chingwe kutsogolo kwa kamwala kaja, kuti mphepo ikakoka kakakakamire pa waukuluwo. Waukuluwo ukhale woti mwaunyamula ndi manja awiri mukubuula. Pamene chingwe chikukhudza mwala ikanipo kansanza, chingaperepeseke. Zigubu za malita 20 zodzaza madzi zimagwiranso ntchito yomweyo, ndiponso madziwo mumayenera kunyamula kale. Potembenuza miyala chenjerani ndi zinkhanira, muziyamba mwaikankha ndi nsapato.

Chinthu china chotchipa chimene anthu amachiiwala ndi malegeni, omwe aja amangira katundu panjinga. Dulani tizidutswa, mumange pakati pa chingwe ndi chikhomo. Okutobala ndi mwezi wa akamvulumvulu, amabwera masana mwadzidzidzi n'kukoka tenti kamodzi kokha mwamphamvu. Chitsulo chanu sichizuka, ndiye chong'ambika ndi nsalu. Malegeni amatamuka n'kumeza mphamvu ija.

Mwina mukuganiza kuti mukangosema zikhomo zamtengo mukafika. M'paki saloleza kudula mitengo, ndipo pa dothi louma mtengo umangophwanyika mutu. Mukasiya masiku angapo chiswe nacho chimapeza ndiwo.

Palinso msampha wina ku Lifupa. Munthu akatopa n'kumenya, maso amapita kufupi ndi damu komwe dothi likuoneka lofewa. M'damu limenelo muli mvuu, ndipo usiku zimatuluka kukadya msipu. Njovu nazo zimabwera kudzamwa, ndipo zinachuluka chifikireni zija 263 anazisamutsa kuchokera ku Liwonde mu 2022. Khomani pamene akulozerani ogwira ntchito kumeneko, ngakhale patalimba chotani. N'chifukwa chake ndikuti zitsulo ndi hamala mukonzeretu pa boma, kumeneko kulibe hadiweya.

Popeza mukupita ndi ana, mitu ya zikhomo muipake penti yoyera kapena yofiira musananyamuke, ndipo mukakhoma muvindikire ndi mabotolo apulasitiki odula pakati. Chitsulo chotulukira pansi chimang'amba chala cha mwana wothamanga wopanda nsapato, makamaka usiku popita kukataya madzi.

Pozula m'pamene Y10 amaonetsa khalidwe lake. Timizere ta pa chitsulocho timaluma dothi, ndiye musalimbane nacho pokoka ndi chingwe cha tenti. Chimenyeni pang'ono m'mbali, uku ndi uku, kolekani chikhomo china pa kokolekera paja, potokolani ngati mukutsegula mpopi, chituluka. Chikakana thiranipo madzi mudikire. Ngati simufuna zovuta zimenezi funsani chitsulo chosalala cha R10, chimazuka msanga ndipo pa katondo wouma chimagwira mokwanira. Mukafika kunyumba palani dothi, pukutani ndi kansanza ka oilo wakale wa galimoto, ndipo muzisunge m'kathumba kakekake. Ine ndinadula mwendo wa jinzi yakale n'kusoka kumapeto kumodzi. Mukaziponya m'thumba limodzi ndi tenti, ulendo wotsatira mudzapeza nsalu ili ndi mabowo ndi mawanga a dzimbiri.